Mwana wa ku Angónia ndi wa kuchikazi kapena wa kuchimuna?

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga ku Mozambique, mlandu wa munda wa womwalira umafika msanga pa funso lakuti ana ndi a yani. Atsibweni amati ndi mbumba yawo, abale a bambo amati mfunda ndi wawo, ndipo mwana amene anaphunzira amatulutsa chikalata cha boma cholembedwa m'Chipwitikizi. Onse atatuwa ali ndi pogwira, chifukwa aliyense akulankhula za nyengo yakeyake ya mbiri ya chigawo cha Tete.

Atsibweni ndiwo ali ndi mawu akale koposa. Dziko la kumpoto kwa Zambezi linali la Amaravi, ndipo Undi atapatukana ndi Kalonga anamanga likulu lake ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Mwa Achewa mwamuna ankapita chikamwini, kukamanga nyumba ndi kulima kwa apongozi, pamene ana, minda ndi ufumu zinkatsata bere la mayi. Mwini mbumba ndiye ankaweruza za ana a mlongo wake, osati bambo wowabereka.

Angoni a Maseko, amene anathawa nkhondo za kumwera kwa Africa, anakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870, ndipo anabwera ndi mwambo wosiyana kotheratu: ng'ombe za lobola zikaperekedwa, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana amakhala a kuchimuna. Chodabwitsa n'chakuti ogonjetsawo anataya chilankhulo chawo. Anakwatira akazi a m'dzikomo, ana anayamwa Chichewa kwa amayi awo, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mifunda. N'chifukwa chake lero m'mudzi umodzi mungapeze nkhalamba yovala nthenga ndi zikopa ikuvina ngoma, chishango chili m'manja, pamene mdzukulu wake wolowa kudambwe akuimbira ng'oma Gule Wamkulu.

Malire anabwera pambuyo pa zonsezi. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linadula mbumba pakati, kotero kuti anthu a Gomani anagwera ku Nyasaland, ena n'kutsala m'manja mwa Apwitikizi. Undi mwiniwake anasamukira ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero mafumu a ku Tete amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukachita Kulamba mwezi wa Ogasiti. Otsalawo anakumana ndi chibalo, sukulu ya mishoni monga ya ku Lifidzi, ndi kaundula amene ankalemba munthu ndi dzina la ubatizo pamodzi ndi la bambo wake, osafunsako n'komwe za atsibweni.

Nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi. Ambiri a ku Angónia sanafikire kwa alendo koma kwa abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ana awo anabwerera kwawo akuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, n'kukapeza sukulu ya Chipwitikizi.

Munthu woleredwa chotere saopa malire monga amachitira a kutali. Pa msika wa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire, mayi amagulitsa mbatatesi n'kulandira kwacha kapena metical osaona chachilendo. Achinyamata ena ofunafuna mizu yawo amaumirira kuti ndi Angoni enieni kapena Achewa enieni, koma ine ndimaona kuti amadzinamiza, pakuti akafunsa bwino kumudzi amapeza kuti agogo amene anawapatsa mfunda wa Chingoni anabadwa kwa mayi wa Chiphiri kapena wa Chibanda. Pabwalo la anyakwawa nkhani ya munda uja imayamba ndi kufunsa kuti ukwatiwo unali wa lobola kapena wa chikamwini, ndipo chikalata cha boma chimawerengedwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri atalankhula kale.