Masamba a khofi akachita chikasu, mwachedwa kale

Ndatopa nawo mawu akuti "khofi wangayu wangokalamba." Mtengo wa zaka 7 sukalamba. Khofi wa mtundu wa Arabika wosamalidwa bwino amabereka kupitirira zaka 20. Mukaona mtengo umodzi ukufota pamene anzake ali biriwiri, gwadani muyang'ane patsinde. Mukapezapo utuchi, khungwa litatupa mozungulira, kapena kabowo koti n'kulowa pensulo, dziwani kuti ndi mbozi yoboola tsinde, white stem borer.

Make wa mboziyi ndi kachilombo kouluka, kotuwa, ka nyanga zazitali. Kamatuluka mvula yoyamba ikagwa n'kuikira mazira m'khungwa cham'munsi mwa tsinde. Mbozi ikaswa imadya kunsi kwa khungwa mozungulira mtengo, n'kudula njira ya chakudya, kenako imalowa m'thunthu, pena mpaka kumizu. Imatha kukhalamo pafupifupi zaka ziwiri. Inu pomaona chikasu m'masamba, iyo inayamba kalekale.

Ndiye kupopera masamba kukuthandizani chiyani?

Mpaka lero zimandiwawa za mayi ena a cha ku Bembeke, amasiye, amene khofi wawo anali wosiririka m'kalabu yonse. Utuchi anauona ndithu, koma inali nthawi yokumba mbatatesi, anati aziona bwino akamaliza. Mitengo itayamba kufota anapita kumsika, venda n'kuwagulitsa mankhwala a m'botolo la zakumwa, opanda dzina, opanda pepala, akuti amapha chilichonse. Anapopera mpaka masamba kupsa. Mbozi ili phee m'thunthu. Pomadzaitana ife alangizi, mzere wonse unali woti mtengo ukaugwedeza ukuthyokera pansi. Ndalama ya botolo lija inali ya katapila, ndipo khofi wotsalayo anamugulitsa ali m'munda kwa venda wina kuti abweze ngongole.

Alimi anzanga, wogulitsa mankhwala pamphasa, pambali pa tomato ndi mankhwala a makoswe, si mlangizi. Sanauonepo munda wanu ndipo sabata yamawa adzakhala ali ku Lizulu kapena ku Tsangano. Mankhwala ovomerezeka amakhala m'botolo lake lomata, lolembedwa dzina, muyezo ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo. Ngakhale enieniwo, pa mboziyi sapita m'masamba. Amapakidwa patsinde mvula isanayambe, kachilombo kasanaikire.

Zina sizifuna ndalama n'komwe. Mu Okutobala tengani chiguduli mukhule makungwa okakala a patsinde kuti pasalale, kachilombo kasowe poikira, koma osafika posupula mtengo. Bowo la utuchi watsopano lowetsanimo sipoko ya njinga muiphere momwemo. Mvula ikagwa yendani m'munda m'mamawa, tizilombo tomwe mwatipeza pamitengo mutole ndi kupha.

Pomwe timakanganirana kwambiri ndi pa mtengo woti wadyeka kale. Uzuleni ndi mizu yomwe, muutenthe tsiku lomwelo. Ndikudziwa, nkhuni n'zosowa kuno ku Dedza ndipo Juni amazizira zedi, koma thunthu mwaliimika kuseri kwa khitchini lija mbozi ikukulirabe m'kati. Idzatuluka ndi mapiko n'kukaikira kwa a neba, amene anakhula mitengo yawo bwinobwino. N'chifukwa chake m'makalabu ndimapempha kuti tsiku loyendera tsinde likhale limodzi kwa onse, mu Okutobala, ndipo wosabwera komiti ipite kumunda kwake.