Ku Oktoberfest, yothokoza imanenedwa pakamwa

Pa ntchito yanga yoperekeza alendo ku Germany, funso limene silisowa ndi la ndalama yothokoza woperekera zakumwa. Eni dziko amaitcha Trinkgeld. Ndi yochepa, nthawi zambiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya bilu, koma kaperekedwe kake ndi kamene kamasokoneza alendo.

Ndalamayi siisiyidwa patebulo. Woperekera amabwera ndi chikwama chake cha chenji, n'kunena mtengo. Akati mayuro 27.60, inu mupereke 50 n'kunena kuti 30, ndipo akubwezerani 20. Ngati mwapereka ndalama yokwanira kale, nenani "Stimmt so", kutanthauza kuti zakwana choncho. Chenjerani ndi kunena "Danke" (zikomo) popereka ndalama yaikulu: ambiri amamva kuti chenji chonse n'chawo.

Nkhaniyi imakula mukafika ku Oktoberfest, chikondwerero cha mowa cha mu mzinda wa Munich, chomwe chinayamba mu 1810 pa ukwati wa kalonga Ludwig wa ku Bavaria ndi mkazi wake Therese. Chimachitikira pa bwalo la Theresienwiese kuyambira chapakati pa September mpaka kumayambiriro kwa October. Kulowa n'kwaulere, koma m'matenti akuluakulu mowa amakupatsani pokhapokha muli ndi malo pabenchi.

Mowa umabwera m'chikho chagalasi cha lita imodzi, chotchedwa Maß, pa mtengo wa pafupifupi mayuro 15. Chikadzaza chimapitirira makilogalamu awiri. Ndaonapo mayi atakumbatira zikho khumi pachifuwa, manja atamanga nsalu m'mfundo, akupyoza chikhamu cha anthu oimba. M'matenti ambiri operekerawa amayamba agula okha mowawo kwa mwini tenti ndiye n'kukugulitsani, ndipo malipiro awo amadalira zimene agulitsa ndi zothokoza. Chikho chikatayika panjira, waluza ndi woperekerayo. N'chifukwa chake ndimati muwonjezere yuro imodzi kapena ziwiri pa chikho chilichonse, kuyambira choyamba, osadikira pomaliza. Kumeneko mumalipira nthawi iliyonse mowa ukafika, choncho khalani ndi ndalama zazing'ono m'thumba, musadalire khadi yokha.

Mowa wake ndi waukali kuposa wa masiku onse, pafupifupi 6 peresenti, ndiye idyani kaye nkhuku yowotcha musanayambe. Zikwama zikuluzikulu salola pachipata. Kuimirira pabenchi n'kololedwa, patebulo ayi. Chikho musatuluke nacho ngati chikumbutso. Alonda amalanda, ndipo ndi mlandu wa kuba.