Counter-Strike sinapangidwe ndi asilikali

Mukakhala pamalo osewerera magemu a pakompyuta ku Limbe kapena ku Ndirande, simuchedwa kumva mnyamata wina akulumbira kuti Counter-Strike inapangidwa ndi asilikali a ku America pofuna kusaka achinyamata odziwa kuwombera. Ena amathirako mchere, akuti ukamapambana kwambiri amakutumizira kalata yokuitana. Limenelo ndi bodza.

Gemuyi inatuluka mu 1999, ndipo anaipanga ndi anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, akadali pa yunivesite. Anatenga gemu ya Half-Life, yomwe kampani ya Valve inatulutsa mu 1998, n'kuisintha kuti anthu azisewera pa intaneti m'magulu awiri: ena akutchera bomba kapena kusunga anthu ogwidwa, anzawo akulimbana nawo kuti zimenezo zilephereke. Ankaigawa ulere. Anthu ataikonda kwambiri, Valve inaigula mu 2000 n'kuwalemba ntchito onse awiri. Mitundu yatsopano ya gemuyi inatsatira: Global Offensive inabwera mu 2012, Counter-Strike 2 mu 2023.

Nanga mphekeserayi inachokera kuti? Ine ndikuona kuti anthu amaisokoneza ndi gemu ina yotchedwa America's Army. Imeneyo ndiye asilikali a ku America anaitulutsadi mu 2002 kuti akope achinyamata kulowa usilikali, ndipo sanabise. Anaitseka mu 2022.

Mphwanga wina wa ku Chilomoni ankadikirabe kalata yake chaka chatha, mbewa ya kompyuta ili m'manja, magetsi n'kuthima bomba asanalichotse.