Spice sanadziyeretse khungu ndi mafuta

Pali chithunzi china chimene chimatulukabe pa Facebook ndi pa WhatsApp: Spice, mayi wa ku Jamaica woimba nyimbo za chamba cha dancehall, ali mbee kuyera, atavala wigi yachizungu. Ochigawa amati naye anatopa ndi khungu lakuda n'kuyamba kudzola mafuta oyeretsa. Si zoona.

Spice, dzina lake lenileni Grace Hamilton, anaika chithunzicho pa Instagram mu Okutobala 2018. Zinali zodzipentapenta chabe, zochoka ndi madzi. Anachita dala kuti anthu alankhule, kenako anatulutsa nyimbo ya Black Hypocrisy yodzudzula anthu akuda amene amanyoza akazi akuda bii. Amene anangoona chithunzi osamva nyimboyo ndi amene akufalitsa bodzali mpaka lero.

Koma vuto lomwe ankaliloza ndi lenileni ndithu. Ku Jamaica linayambira m'minda ya nzimbe nthawi ya ukapolo, umene unatheratu mu 1838. Ana a azungu obadwa kwa akazi akapolo ankapatsidwa ntchito zopepukirapo, ena kumasulidwa ndi kulandira chuma, pamene akuda ankatsala kumunda. Maganizo akuti woyererako ndiye wokongola ndi woyenera ntchito yabwino sanathe. Mu 2011 nyuzipepala ya The Gleaner inalemba kuti mabwana ena ankapempha bungwe la boma lophunzitsa ntchito, HEART Trust, kuti liziwatumizira achinyamata oyererako. Tangoganizani, m'dziko la anthu akuda!

N'chifukwa chake mafuta oyeretsa amayenda malonda ku Kingston, likulu la Jamaica, ngakhale ena ali ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amawononga impso.