Doko la Beira ndi njanji imene inatisiyira ngongole

Kale katundu wa ku Nyasaland ankatulukira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, pa kamalo kamene Apwitikizi anabwereketsa Angerezi mu 1891. Malowo anali mchenga wokhawokha, nyanja nkumangodya gombe chaka ndi chaka. Mu 1922 namondwe anamiza sitima zambiri zamumtsinje, ndipo chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia inatsegulidwa kuchokera ku Dondo, pafupi ndi Beira, kukafika ku Murraça, tsidya lina la Zambezi. Chinde anathera pomwepo.

Komatu Beira nalonso silinali doko lodzitamandira nalo. Lili pamatope a mtsinje wa Pungwe, moti sitima zikuluzikulu zinkaima patali, katundu nkumatsitsidwira m'mabwato kuti afike kumtunda. Pokocheza pa madzi akuya panamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Ndipo njanji yoyamba ya padokoli sanamangire ife ayi. Inali ya ku Rhodesia, yopapatiza mapazi 2 okha, ndipo inafika ku Umtali (Mutare ya lero) mu 1898 malungo atapha antchito ambiri m'madambo.

Vuto lathu linali Zambezi. Njanji yochokera ku Blantyre, kudzera ku Port Herald (Nsanje ya lero), inkathera pa Chindio, tsidya lino. Fodya, tiyi ndi thonje ankazitsitsa m'mabogi, kuzikweza m'sitima yowolotsa, kuzitsitsanso tsidya linalo, kenaka kuzikwezanso. Chilimwe sitimayo inkatitimira mumchenga, dzinja madzi osefukira ankakokolola magombe. Mlatho wa Dona Ana, wa makilomita pafupifupi 3.7 pakati pa Sena ndi Mutarara, ndiwo unathetsa chipwirikitichi mu 1935.

Chowawa n'choti boma la Britain linasenzetsa Nyasaland udindo wa ngongole ya njanji ya Trans-Zambezia, chonsecho njanjiyo yonse inali m'dziko la eni. Ndalama zimene zikanamanga sukulu ndi misewu kuno zinkapita ku chiwongoladzanja, pamene mitengo yonyamulira katundu inali yoboola m'thumba. Mu 1949 Apwitikizi anatenga doko la Beira m'manja mwa kampani ya Angerezi.

M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Renamo anaphulitsa mlatho wa Dona Ana, ndipo katundu wa Malawi anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban. Mu 1997 madzi anadulanso njanji pa Chiromo. Mlatho wa Dona Ana uja unakonzedwa nkuyambanso kudutsa sitima cha m'ma 2009, koma zambiri zinali zonyamula malasha a ku Moatize.