Kochi nayenso amafuna womufunsa mafunso

Ndinali nditagwira ntchito ya ukochi ndi bambo wina kwa miyezi 9, pomwe pangano lathu linali la miyezi 4. Anali mkulu wa dipatimenti pa kampani ina, ndipo chimene anadzera kwa ine chinali choti aphunzire kugawira anthu ake ntchito m'malo mosenza zonse yekha. Zimenezo anazitha nthawi ya pangano isanakwane. Komabe tinkangowonjezera masiku. Iye ankati kucheza nane kumamupepuza mtima, ine ndinkadziuza kuti munthuyu akundifunabe. Tsiku lina ndikufotokoza za iye kwa supavaiza wanga, katswiri amene ndimaunika naye ntchito yanga, mayiyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti: "Bamboyu atasiya kubwera mwezi wamawa, amene angataye zambiri ndani, iye kapena inu?"

Sindinayankhe msanga. Yankho ndinkalidziwa. Ndalama yake inkabwera mwezi ndi mwezi osachedwa, ndipo kumva munthu waudindo akunena kuti sangathe popanda ine kunkandikomera. Palibe lamulo limene ndinaphwanya moonekera. Sindinaname, sindinaulule chinsinsi. Koma ndinali nditayamba kumusunga munthu amene ntchito yanga inali yomuthandiza kuima payekha.

Ndikamati kochi sindikunena wa mpira. Ndikunena munthu amene amakhala pansi ndi wina, nthawi zambiri kwa ola limodzi, n'kumamufunsa mafunso omuthandiza kuganiza bwino za ntchito yake, utsogoleri wake kapena chisankho chimene chamuimika mutu. Kochi sapereka mankhwala, sachiza matenda a maganizo, ndipo kwenikweni salangiza. Ntchitoyi ndi yaing'ono m'zaka. Bungwe la European Mentoring and Coaching Council, lomwe limadziwika kuti EMCC, linayamba mu 1992, ndipo la International Coaching Federation, kapena kuti ICF, linakhazikitsidwa ndi Thomas Leonard mu 1995. M'maiko ambiri palibe lamulo la boma loletsa munthu kudzitcha kochi. Aliyense atha kusindikiza khadi lero, mawa n'kuyamba kulandira anthu. Ndiye funso loti kochi amamuona ndani akakhala m'chipinda ndi kasitomala, chitseko chili chotseka, si funso lachibwana.

Dzina loti supavaiza limasokoneza. Ambiri akalimva amaganiza za bwana woyendera ntchito, wogwira olakwa, wolemba malipoti. Supavaiza wa kochi si bwana wake, ndipo kawirikawiri kochiyo ndi amene amamusankha n'kumamulipira. Ndi katswiri mnzake, wophunzira ntchito yomvetsera makochi, amene amakumana naye mwezi uliwonse kapena pakapita masabata angapo. Kochi amabwera ndi nkhani ya kasitomala mmodzi kapena awiri, osatchula maina, ndipo awiriwo amaiunika. Safunafuna kwenikweni chimene chavuta kwa kasitomala uja. Amayang'ana chimene chinkachitika mwa kochi pamene ankamvetsera: chimene anafunsa, chimene anaopa kufunsa, pamene anapsa mtima, pamene anamva chisoni mpaka kuiwala ntchito yake. Munthu sadzimeta yekha kunkhongo.

Mchitidwewu makochi anautenga kwa aphungu, madokotala a za maganizo ndi ogwira ntchito zothandiza anthu, amene anauyamba kalekale. Brigid Proctor, wa ku Britain, ananena m'zaka za m'ma 1980 kuti kukumana kotereku kuli ndi ntchito zitatu: kuonetsetsa kuti ntchito ikuyenda motsata malamulo ake, kukulitsa luso la wogwira ntchitoyo, ndi kumubwezeretsa mphamvu akatopa ndi zimene amamva. Yachitatuyi anthu amaipeputsa, koma ine ndaona kuti kochi wotopa ndi amene amayamba kudula njira. Amasiya kumvetsera, n'kuyamba kugawa mayankho kuti ola lithe.

Tsono za khalidwe pa ntchito. Mabungwe onse akuluakulu ali ndi malamulo olembedwa. Mu 2016, EMCC ndi bungwe lina la makochi la Association for Coaching anatulutsa limodzi malamulo otchedwa Global Code of Ethics, ndipo ICF ili ndi akeake. Malamulowa ndi abwino, ndipo kochi aliyense ayenera kuwadziwa. Amanena kuti sunga chinsinsi, usachite zachikondi ndi kasitomala, usadzitame ndi maphunziro amene ulibe, ukaona kuti vuto la munthu laposa ntchito yako mutumize kwa woyenera. Zonsezi n'zomveka ukamawerenga uli wekha. Chimene pepala silingakuuze ndi chakuti lero, pa ola lino, ndi munthu uyu, wafika pamalire. Makochi ambiri amene ndawaona akuterereka sanali anthu oipa. Anaterereka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinawakankha chinali mtima wofuna kuthandiza.

Taganizani za kochi amene walembedwa ntchito ndi kampani kuti athandize manijala wake. Yolipira ndi kampani, wokhala pampando ndi manijala. Tsiku lina mkulu woona za antchito akumana ndi kochiyo pakhomo, n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Nanga mnzathu uja zikuyenda?" Funso lake ndi laubwenzi. Koma manijala uja anali atangomuuza kochi kuti akufunafuna ntchito kwina. Kochi akangoti "akuyesetsa, koma mtima wake suli pano," waulula. Akakana kuyankha mouma, waoneka ngati akubisa choipa. Malamulo amanena kuti zoti zidzauzidwe kwa wolipira zigwirizanidwe poyamba, anthu atatu onse alipo. Koma ngati panganolo linapangidwa mothamanga, kochi amapezeka ali yekha pakhomo paja ndi masekondi ochepa oti aganize. Kwa supavaiza ndi kumene amakabwereza mphindi imeneyo modekha. Ndinayankha chiyani? N'chifukwa chiyani ndinafuna kumusangalatsa mkulu uja? Kodi ndinkaganiza za kontrakiti ya chaka chamawa? Ndipo tsopano ndibwerere bwanji kwa onse awiri kuti tikonze pangano?

Donald Schön, amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya MIT ku America, analemba mu 1983 za kusiyana kwa kulingalira pa zimene wachita ntchito itatha ndi kulingalira uli mkati mogwira ntchitoyo. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kochi amene wazolowera kubwereza ntchito yake pamaso pa wina, mwezi ndi mwezi, amayamba kumva mafunso a supavaiza uja m'mutu mwake kasitomala adakali pampando. Chimene poyamba ankachizindikira patatha masabata atatu amayamba kuchizindikira madzulo a tsiku lomwelo, kenako pa mphindi yomweyo. Kukula m'khalidwe kumene ndikunena ndi kumeneku. Malamulo sanasinthe, koma munthuyo wayamba kuona msanga pamene akufunika.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa amene akuyamba kumene. Harold Searles, dokotala wa za maganizo wa ku America, anachifotokoza mu 1955: zimene zikuchitika pakati pa wothandiza ndi wothandizidwa zimakonda kubwerezeka pakati pa wothandizayo ndi supavaiza wake. Kochi amene kasitomala wake amalankhula mothamanga, kudumpha nkhani iyi n'kugwira iyo, amafika kwa supavaiza nayenso akuthamanga, osamaliza chiganizo. Kochi amene kasitomala wake amangoti "ndiuzeni chochita" amafika akupempha kuti auzidwe chochita. Supavaiza wodziwa ntchito amamva zimenezi m'thupi mwake, kutopa kapena kupanikizika, ndipo amazitchula: "Ndikumva ngati mukufuna ndikupatseni yankho pompano. Kodi ndi mmene mumamvera mukakhala ndi mayi uja?" Akatswiri a ku Britain, Peter Hawkins ndi Robin Shohet, anaika zimenezi m'njira yawo yotchuka younikira ntchito kuchokera mbali 7, kuyambira pa kasitomala, zimene kochi anachita, ubale wa awiriwo, mpaka pa supavaiza mwini ndi bungwe lonse limene lawazungulira. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Supavaiza kasitomala uja sanamuonepo, sanakopeke naye, sakumuopa, ndiye amaona zimene kochi wazizolowera.

Malire a pakati pa ukochi ndi uphungu ndi malo ena amene ndimawaopa kwambiri. Munthu amabwera kuti akufuna kukonza kagwiritsidwe ntchito ka nthawi yake. Pakutha pa masabata angapo zimadziwika kuti sakugona, sakudya bwino, ndipo palibe chimene chikumusangalatsa. Kochi si dokotala, sangatchule matenda. Koma ayenera kuzindikira kuti apa pafunika wina, n'kupeza mawu omuuzira munthuyo popanda kumuchititsa kumva ngati akuthamangitsidwa. Kochi amene amamukonda kasitomala wake amachedwa kunena zimenezi, akumaganiza kuti akakumananso kamodzi kokha zisintha. Supavaiza amamufunsa kuti wakhala akunena "kamodzi kokha" kangati.

EMCC imalimbikitsa kuti kochi azikumana ndi supavaiza kwa ola limodzi pa maola 35 aliwonse amene wagwira ntchito, ndipo pachaka asachepere maola 4. ICF imasiyanitsa zimenezi ndi maola 10 amene munthu amakhala ndi kochi wamkulu womuwongolera luso pofuna satifiketi. Kuwongolera lusoko kumayang'ana ngati ukufunsa ndi kumvetsera moyenera. Kwa supavaiza mumayang'ana munthu yense amene akufunsayo. Ena amakumana awiriwiri, ena m'gulu la makochi ochepa, ndipo masiku ano ambiri amachita pa intaneti. M'gulu mtengo umatsika ndipo umaphunzira pa nkhani za anzako, ngakhale kuti manyazi amachulukirapo.

Manyaziwo ndiye chofooka chachikulu cha ntchito yonseyi, ndipo sindikufuna kuchibisa. Supavaiza amaona zokhazo zimene kochi wabweretsa. Kochi atha kukwanitsa maola ake onse akubweretsa nkhani zimene anachita bwino, n'kusiya kunyumba imene ikumusowetsa tulo. Nkhani ya bambo uja ndinaisunga miyezi itatu ndisanaitchule, ndipo pa miyezi imeneyo ndinkakumana ndi supavaiza wanga mokhulupirika. N'chifukwa chake supavaiza wokalipa amawononga ntchito: akamuchititsa kochi manyazi kamodzi, sadzamvanso zoona. Koma nayenso wongovomereza zilizonse, wongoti "mwachita bwino," ndi wopanda phindu. Amene ndimamufuna ine ndi woti nditha kumuuza chimene sindinauze wina aliyense, ndikudziwa kuti sandinyoza komanso sandilekerera.

Ngati inu mukufuna kulemba kochi, kaya wa inu nokha kapena wa antchito anu, mufunseni ngati ali ndi supavaiza, ndipo amakumana naye kangati. Mufunsenso kuti nkhani zanu akazitengera kumeneko amazibisa bwanji, chifukwa zimenezi ziyenera kulembedwa m'pangano lanu kuyambira tsiku loyamba.

Bambo uja ndinakumana naye sabata yotsatira. Ndinamukumbutsa chimene anadzera, tinawerenga limodzi zimene anali atakwanitsa, ndipo ndinamuuza kuti ndikuona kuti ntchito yathu inatha kale ndipo ine ndinachedwa kunena. Anakhala chete pang'ono, kenako anati nayenso ankadziwa, koma ankaopa kuti akanena ndikhumudwa. Tinakumananso kamodzi kotsanzikana, ndipo pa tsiku limenelo sindinamulipiritse.