William Koyi, Mxhosa amene manda ake ali ku Njuyu

Ku Mzuzu kuli nyumba yogona alendo ya Sinodi ya Livingstonia yotchedwa William Koyi. Ukangomva dzinali ungaganize kuti mwini wake anali mbadwa ya ku Mzimba. Chonsecho anali Mxhosa, wobadwa mu 1846 kummawa kwa dera la Cape ku South Africa, ndipo poyamba ankadya za thukuta lake poyendetsa ngolo za ng'ombe. Sukulu anaiyamba ndevu zili kale pachibwano, ku Lovedale, mu 1871.

M'chaka cha 1876 Dr James Stewart, mkulu wa sukuluyo, anapempha anyamata odzipereka kuti akathandize mishoni yatsopano ya Livingstonia ku Cape Maclear. Anasankhidwa anayi: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi Koyi. Pa anzakewa, Koyi sankadziwerengera nkomwe. Ananena kuti iye ali ndi theka chabe la talente, koma akhoza kupita ngakhale kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Mngunana anamwalira mu 1877, Wauchope anabwerera msanga chifukwa cha matenda, Ntintili naye anadzapita kwawo. Wa theka la talente uja ndiye anapirira zaka khumi.

Mphatso imene iye ankaiyesa yochepa inali pakamwa pake. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, anali asanataye chinenero cha kwawo kummwera, ndipo Chixhosa cha Koyi ankachimva. Nthawiyo Atonga a kunyanja anali atangowaukira Angoni, ndipo mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881 inapezeka pakati pa adani awiri. Atonga ankafuna kuti azungu awatchinjirize, Angoni nawo ankadabwa kuti alendowa akukhaliranji ndi anthu amene iwo ankawatenga ngati akapolo othawa. Apa kulakwitsa mawu amodzi kukanakhetsa mwazi. Dr Robert Laws pokaonana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879 anadalira Koyi, amene ankadziwa mmene amalonjerera mfumu, nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete.

Mu 1882 Koyi anakakhazikika ku Njuyu, m'dziko la Angoni, kufupi ndi mudzi wa a Chipatula, banja lotchuka pakati pa Angoniwo. Zaka zotsatirazo ndi zimene ine zimandichititsa kumuvulira chipewa. M'mbelwa ndi nduna zake analola kuti azikhala ndi kulalikira, koma sukulu anaikaniza, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka kunyamula chishango. Mwezi unkatuluka, wina n'kulowa, palibe wobatizidwa, palibe kalasi, magulu ankhondo akudutsa pafupi ndi khomo lake. Wina akanalongedza katundu n'kunena kuti nthaka iyi ndi ya pathanthwe. Iye anakhalabe, kucheza ndi anthu pabwalo, kumva milandu yawo, kuziziritsa mitima pamene mikondo yatsala pang'ono kunyamulidwa. Angoni anamupatsa dzina loti Mtusane. Dr Walter Elmslie, amene anafika ku Njuyu mu 1885, anavomereza poyera kuti pa nkhani za Angoni ankatsamira pa nzeru za Koyi. Anyamata ochepa, pakati pawo Mawelera Tembo, ankazemba usiku kudzaphunzira mobisa.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula inavuta. Nsembe za kwa mizimu zitalephera, akuluakulu anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo, ndipo mvula inagwa. Patangopita miyezi yochepa bwalo la M'mbelwa linalola sukulu. Uthengawo unamupeza Koyi ali gone, matenda atamufooketsa, ndipo anayankha ndi mawu a Simeoni a pa Luka 2, opempha Ambuye kuti alole kapolo wawo achoke mumtendere. Anamwalira pa 4 June 1886 ndipo anaikidwa pomwepo pa Njuyu.

Zimandiwawa kuti tikamakamba za kufika kwa Uthenga Wabwino kumpoto timathamangira kutchula Laws ndi Elmslie, ngati kuti Mwafrika anangokhala womvera. Anthu awiriwa ulemu wawo ndi wowayenera, koma khomo la kwa M'mbelwa analitsegula ndi Mwafrika mnzathu, ndipo zokolola zake sanazione ndi maso. Mishoni ya Ekwendeni, kwa Inkosi Mtwalo, inatsegulidwa mu 1889. Mu 1890 Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara anabatizidwa ku Njuyu, kukhala Akhristu oyamba pakati pa Angoni a kumpoto, ndipo Mawelera anadzapeka nyimbo za Chingoni zimene mpingo ukuimbabe.